Mailosi Pamsewu, Makilomita Padashibodi

Asilikali a ku Roma ankayeza mtunda ndi miyendo yawo. Phazi lakumanzere likaponda pansi ka 1,000, mailo imodzi yakwana, ndipo m'mbali mwa msewu ankaimikapo mwala wozokota nambala. Mtunda umenewo unali pafupifupi mamita 1,480 pa kawerengedwe ka masiku ano. Aroma atalowa pachilumba cha Britain m'chaka cha 43, mu ulamuliro wa Claudius, anabwera ndi misewu yawo yowongoka ija pamodzi ndi miyala yake. Iwo anachoka patapita zaka pafupifupi 400, koma mailosi anatsala, ndipo ndi omwewa amene lero akusowetsa mtendere munthu wogula galimoto yochokera ku Japan mumzinda wa Leeds kapena Birmingham.

Kungoti mailosi a Aroma sanakhale momwe analili. Mlimi wa ku England analibe nazo ntchito za asilikali. Iye ankadziwa kutalika kwa mzere umene ng'ombe zimalima zisanapume, womwe unali mayadi 220. Minda, msonkho ndi malire a eni malo zonse zinkawerengedwa ndi mizere imeneyi, choncho panalibe amene akanayerekeza kuisintha. Mu 1593, Elizabeth I ali pampando, nyumba ya malamulo inagamula kuti mailo imodzi ikhale mizere isanu ndi itatu yotere, kutanthauza mayadi 1,760 kapena mafiti 5,280. Nambala yovuta kuloweza ija inabadwa choncho: anatalikitsa mtunda wa msilikali kuti ugwirizane ndi munda wa mlimi. Ngakhale zinatero, sikuti aliyense anamvera. Ku Scotland anali ndi mailosi awoawo otalikirapo, ndipo ku Ireland mailo inali mayadi 2,240. Wapaulendo ankayenera kufunsa kuti mailosi akunenedwawo ndi a kwa yani.

Tsidya lina la nyanja, ku France, chisokonezo chinali chachikulu kuposa apa. Pafupifupi boma lililonse ndi msika uliwonse zinali ndi muyezo wakewake, ndipo eni minda ankadyera alimi masuku pamutu posintha kukula kwa dengu loyezera tirigu. Anthu ataukira ufumu mu 1789, nkhani ya miyezo inali m'gulu la madandaulo awo. Akatswiri a sayansi ku Paris anati muyezo watsopano usachokere pa phazi kapena mkono wa mfumu iliyonse, uchokere pa dziko lenilenilo: mtunda wochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko kufika pa mzere wa pakati pa dziko, kudzera mu Paris, ugawidwe ka 10 miliyoni, ndipo gawo limodzi litchedwe mita. Mu 1792 anatuma Jean-Baptiste Delambre ndi Pierre Méchain kukayeza kuchokera ku Dunkirk mpaka ku Barcelona. Ntchitoyo inadya zaka zoposa zisanu ndi chimodzi, nkhondo ili mkati, ndipo kangapo konse anthu a m'midzi anawagwira powaganizira kuti ndi akazitape. Méchain anapeza kuti ziwerengero zake za ku Barcelona sizikugwirizana, anabisa, ndipo nkhaniyo inamudya mumtima mpaka anamwalira ku Spain mu 1804. Kandodo ka pulatinamu kamene anasula mu 1799 kuti kakhale muyezo wa mita kanaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Koma ubwino wa mita sunali pa kulondola kwa kayezedwe ka dzikoko. Unali pakuti chilichonse chimakwera ndi kutsika m'makumi, moti mwana wasukulu amachita samuyo pamutu.

Afalansa eni akewo sanailandire msanga. Napoleon anabweza miyezo ina yakale mu 1812, ndipo mita inayamba kukakamizidwa kwenikweni kuyambira 1840. Tizikumbukira zimenezi tikamaseka Angerezi: palibe mtundu umene unasiya muyezo wa makolo ake mosekerera.

Britain inatenga njira ina. Mu 1824 inakonza miyezo yake n'kuitcha ya ufumu, ndipo galoni yake inakhala malita 4.546. America inali itadziimira payokha kale, choncho inasunga galoni yakale ya vinyo, ya malita 3.785. Mpaka lero mawu akuti galoni amatanthauza zinthu ziwiri, ndipo galimoto imodzimodziyo imaoneka yosamwa mafuta ikalembedwa ku London kusiyana ndi ikalembedwa ku Chicago. Mu 1875 mayiko 17 anasaina pangano la mita ku Paris, America ili momwemo. Britain inalowa mu 1884, Japan mu 1885. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira 1959 yadi yenyeniyo imatanthauziridwa ndi mita: mayiko olankhula Chingerezi anagwirizana kuti yadi ndi mamita 0.9144, ndiye kuti mailo ndi mamita 1,609.344. Mailosi amene Mngerezi amawanyadira ngati cholowa cha makolo anaima pa mita ya Mfalansa.

Galimoto inabwera miyezo iwiriyi itakhazikika kale, uliwonse kwawo. Lamulo la ku Britain la 1865 linkalola makina oyenda okha pamsewu kuthamanga mailosi 4 pa ola kumidzi ndi 2 m'tauni, munthu wonyamula mbendera yofiira akuyenda patsogolo. Mu Januwale 1896, Walter Arnold anadutsa pa Paddock Wood ku Kent pa liwiro la mailosi 8. Wapolisi anamuthamangitsa pa njinga yakapalasa, anamugwira, ndipo khoti linamulipiritsa shileni imodzi. M'galimotomo munalibe choyezera liwiro, ndipo wapolisiyo analibenso. Chipangizo chomwe tikuchidziwachi chinabwera mu 1902, pamene Otto Schulze analembetsa luso lake: kebulo yozungulira yochokera ku giyabokosi imazunguza maginito, maginitowo amakoka kambale kachitsulo kamene kasipuling'i kakukabweza, ndipo muvi umakwera molingana ndi liwiro la kuzungulirako. Kebulo yomweyo imayendetsa timagudumu ta manambala towerenga mtunda wonse umene galimoto yayenda, chomwe amakaniko ndi ogulitsa amangoti mayileji. Chofunika kuchimvetsa apa n'chakuti muviwo sudziwa mailosi kapena makilomita. Umangomva kuzungulira. Manambala ndi utoto chabe wolembedwa kuseri kwake. Koma timagudumu tija ndi nkhani ina, chifukwa magiya ake anadulidwa kuti aziwerenga muyezo umodzi wokha, ndipo zimene awerenga amasunga.

Malamulo a liwiro anatsatira, onse m'mailosi: 20 mu 1903, 30 m'matauni kuyambira 1935, sipidomita yokakamiza pa galimoto zatsopano mu 1937, ndi 70 m'misewu ikuluikulu kuyambira Disembala 1965.

Chaka chomwecho cha 1965, nduna yoona zamalonda, Douglas Jay, inauza nyumba ya malamulo kuti boma likufuna dziko lisamukire ku mita pasanathe zaka khumi. Amafakitale ndiwo anapempha, poona kuti makasitomala awo ambiri a kunja akufuna mabawuti ndi mapaipi a mamilimita. Bungwe lotsogolera ntchitoyi linakhazikitsidwa mu 1969. Ndalama zinasintha pa 15 Febuluwale 1971, mashileni n'kutha. Masukulu anayamba kuphunzitsa mamita ndi makilogalamu, omanga nyumba anasintha, azamankhwala anasintha. Zikwangwani zapamsewu zinayenera kusintha mu 1973, koma kumapeto kwa 1970 nduna ya zamtengatenga, John Peyton, inaimitsa dongosololo popanda kutchula tsiku lina. Tsiku linalo silinabwere. Bungwe lija linathetsedwa mu 1980, ndipo nthawi iliyonse nkhaniyi ikadzuka, boma limatchula mapaundi mamiliyoni mazanamazana ofunika posintha zikwangwani, nkhani n'kugonanso.

Mayiko ambiri amene anatengera mailosi kwa Britain sanadikire. Australia inasintha zikwangwani zake mu Julaye 1974. Canada inasintha mu Seputembala 1977. Kuno kwathu nakonso mailosi anachoka pazikwangwani n'kutsala m'maina okha, monga Six Miles ku Lilongwe ndi Ten Miles kunja kwa Lusaka. Ireland inakhala zaka zambiri ili ndi mitunda ya makilomita koma liwiro la mailosi, mpaka pa 20 Januwale 2005 pamene inamaliza ntchitoyo. Lero woyendetsa wochokera ku Dublin kupita ku Belfast amasintha muyezo pamalire, msewu uli womwewo. America inapanga lamulo lake mu 1975, Gerald Ford n'kusaina, koma linali losakakamiza aliyense, ndipo Ronald Reagan anatseka bungwe lake mu 1982. Chotsala chooneka ndi msewu wa Interstate 19 wochoka ku Tucson kupita ku Nogales, umene mitunda yake inalembedwa m'makilomita pomwe liwiro lili m'mailosi.

Britain inatsala pakatikati. Petulo amagulitsidwa pa lita, koma kamwedwe ka galimoto amakanena m'mailosi pa galoni, galoni imene palibe filing'i siteshoni yomwe ikuigulitsa. Mainjiniya amajambula msewu m'mamita, timapositi ta m'mbali mwa misewu ikuluikulu tothandiza opulumutsa anthu pangozi timawerenga makilomita, koma chikwangwani cha woyendetsa chimati mayadi ndi mailosi. Tayala lolembedwa 205/55 R16 ndi mamilimita 205 m'lifupi pa limu ya mainchesi 16, ndipo limenelo ndi vuto la dziko lonse lapansi, osati la Britain yokha. Nkhaniyi inasandukanso ya ndale: mu 2001 wogulitsa zipatso wina ku Sunderland, Steve Thoburn, anapezeka wolakwa pa mlandu umene unayamba ndi nthochi zoyezedwa pa sikelo ya mapaundi, ndipo nyuzipepala zinamusandutsa ngwazi yolimbana ndi malamulo a European Union ochokera ku Brussels. Pofika 2007 akuluakulu a European Union anali atatopa nazo, anati Britain isunge mailosi ake ndi paindi yake ya mowa mpaka kalekale. Ine ndimaona kuti kusamaliza kusamukaku kunangochotsa mtolo pamutu pa boma n'kuusenzetsa munthu wamba, amene tsopano amachita samu tsiku ndi tsiku imene dziko likanaichita kamodzi.

Lamulo la sipidomita linalembedwa motengera kukhala pakatiku. Galimoto iliyonse imene inayamba kuyenda kuyambira pa 1 Epulo 1984 iyenera kukhala ndi sipidomita yotha kuonetsa mailosi ndi makilomita omwe, pamodzi kapena posintha ndi batani. N'chifukwa chake galimoto yogulidwa yatsopano ku Britain ili ndi manambala akuluakulu a mailosi kunja ndi ang'onoang'ono a makilomita mkati. Galimoto yopangidwira msika wa ku Japan ilibe zimenezo. Ili ndi makilomita basi.

Japan inali ndi miyezo yakeyake yakale, koma inasankha mita mwa lamulo mu 1921 ndipo inamaliza kusamuka pa zamalonda mu 1959. Imayendetsanso kumanzere, chiwongolero chili kumanja, ngati Britain. Kuonjezera apo ili ndi kuyeza galimoto kotchedwa shaken, komwe kumachitika galimoto ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo n'kokwera mtengo moti ambiri amasankha kugulitsa galimoto ikadali yabwinobwino n'kugula ina. Zogulitsidwazo zimapita kumisika ya okushoni, komwe woyeza amalemba pepala losonyeza giredi, zokanda, dzimbiri ndi mayileji. M'zaka za m'ma 1990 amalonda a ku Britain anatulukira mgodi umenewu. Sitima zinayamba kutsitsa ku Southampton ndi ku Bristol galimoto zomwe makampani ake sanazitumize okha: Eunos Roadster, yomwe ku Britain inali Mazda MX-5, Pajero, yomwe kumeneko inali Shogun, Toyota Estima, Mitsubishi Delica, Mazda Bongo yomwe anthu amaisandutsa kanyumba kogonamo paulendo, Subaru Impreza ndi Nissan Skyline za anyamata okonda liwiro, ndi ka Nissan Figaro ka 1991 komwe anangopanga 20,000. Zinali zotsika mtengo, zodzaza ndi zipangizo, zambiri zopanda dzimbiri. Madilala a makampani anakwiya, a inshuwalansi anakweza mitengo, ndipo mu 1998 boma linakhazikitsa kuyeza kwapadera kwa galimoto zolowa imodziimodzi, kotchedwa SVA, komwe mu 2009 kunalowedwa m'malo ndi IVA. Galimoto yosakwana zaka khumi imadutsa kumeneko, ndipo zinthu ziwiri zomwe pafupifupi iliyonse ya ku Japan imasowa ndi nyali yakumbuyo ya pachifunga ndi sipidomita ya mailosi. Yopitirira zaka khumi imangofuna kuyeza kwa nthawi zonse kotchedwa MOT, choncho zambiri zimalowa pamsewu dashibodi ili momwe inachokera ku Nagoya.

Woyendetsa yotereyi amaloweza manambala ochepa. Chikwangwani cha 30 ndi 48 pa muvi wake, 40 ndi 64, 50 ndi 80, 60 ndi 97, 70 ndi 113, ndipo 20 imene Wales inaika m'malo okhala anthu mu Seputembala 2023 ndi 32. Akasokoneza n'kutsata nambala momwe ilili, amayenda pang'onopang'ono kuposa lamulo, am'mbuyo n'kumamuimbira mahutala, kamera simujambula. Choopsa chili kwa amene achita zosemphana, wotenga galimoto ya mailosi kupita nayo kudziko la makilomita. Iyeyo akaona 80 n'kuika muvi pa 80, ndiye kuti akuthamanga makilomita 129. Amalawi amene analandirapo galimoto yotumizidwa ndi m'bale wa ku UK amaidziwa nkhaniyi, ena anaidziwira pa lodibuloko.

Njira zokonzera galimoto ya ku Japan ija zilipo zitatu, ndipo iliyonse imasiya chipsera chake. Yoyamba ndi kumata sitika kapena kusintha nkhope ya wotchi ya sipidomita, kuti kuseri kwa muvi kukhale manambala a mailosi. Galimoto za ku Japan zambiri wotchi yake imathera pa 180, ndipo kompyuta ya injini imadula liwiro pomwepo potsatira mgwirizano wa makampani a kumeneko, choncho nkhope yatsopano imathera cha pa 112. Muvi wakonzeka, koma mayileji akupitiriza kuwerenga makilomita. Yachiwiri ndi kuchotsa wotchi yonse n'kuikamo ya galimoto yofanana nayo ya ku Britain, imene imabwera ndi mayileji a galimoto ina, mwina yomwe inaphwanyika pangozi. Yachitatu, yomwe inafala kwambiri, ndi kachipangizo kolumikiza pa waya wochokera ku sensa ya liwiro, kapena kagiya pa kebulo ngati galimoto ndi yakale. Kameneka kamachepetsa uthenga wa liwiro kufika pa magawo asanu mwa asanu ndi atatu, kotero muvi ukaloza 70 pa nkhope yakale ija ndiye kuti ndi mailosi 70. Anyamata a Skyline anakakonda pa chifukwa china: kompyuta nayo imanamizidwa, ndipo malire a 180 aja amasanduka mailosi 180.

Apa ndi pomwe pagona vuto lenileni la wogula, ndipo ambiri amaliphonya chifukwa maso amathamangira ku muvi. Tiyerekeze galimoto yatsika pa sitima itayenda makilomita 80,000. Aikamo kachipangizo kaja, ndipo mwini wake woyamba wayenda nayo mailosi 30,000. Dashibodi ikuonetsa 110,000. Nambala imeneyi si makilomita, si mailosi. Mtunda weniweni ndi mailosi pafupifupi 79,700, kapena makilomita pafupifupi 128,000. Zili ngati kuyeza chimanga theka ndi chigoba, theka ndi ndowa, n'kungolemba kuti zakwana 110. Wogulitsa wachilungamo amataya ndalama chifukwa wogula akuwerenga zonsezo ngati mailosi. Wogulitsa wochenjera amati zonsezo ndi makilomita, n'kuzigawa kuti zioneke ngati mailosi 68,000 okha. Ndipo makaniko amene akufuna kudziwa ngati lamba wa injini, amene pa injini zambiri za ku Japan amasinthidwa pa makilomita 100,000, wafika nthawi yake, sangadalire nambalayo ngakhale pang'ono. Lamba ameneyo akaduka pa injini zina, mavavu ndi mapisitoni zimawombana.

Chimene chimapulumutsa munthu ndi mapepala. Satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan imalemba mayileji a pa shaken zomalizira pamodzi ndi masiku ake. Pepala la ku okushoni limalemba a tsiku logulitsa, ndipo limaika chizindikiro ngati woyeza akukayika. Ku Britain MOT iliyonse imalemba nambala ndi muyezo wake, ndipo mbiriyo aliyense akhoza kuiona pa intaneti ndi nambala ya galimoto. Koma woyeza wa MOT amalemba zomwe waona. Akalemba mailosi chaka chino pomwe mnzake analemba makilomita chaka chatha, mbiriyo imadumpha kapena kubwerera m'mbuyo ngati wina anabweza wotchi, pomwe palibe amene anaba. Risiti ya galaja yosonyeza tsiku limene kachipangizo kanaikidwa ndi nambala ya tsikulo ndi kapepala kakang'ono, koma popanda iko samu ya pamwambapa sichitika.

Ku America nkhaniyi imalowera kumpoto. Dola ya Canada ikagwa, amalonda amagula mapikapu ndi galimoto zina kumeneko n'kuziwolotsa malire. Sipidomita yake ili ndi miyezo yonse iwiri, makilomita ndiwo akuluakulu, koma mayileji ndi a makilomita. Malamulo a ku America, kuyambira 1972 ndi kuwonjezeredwa mu 1986, amafuna wogulitsa alembe mayileji pa chikalata cha umwini, ndipo chikalata chikadindidwa kuti nambalayo si yeniyeni, mtengo wa galimoto umagwa ngakhale injini ili bwino. Za ku Japan zimaloledwa mosavuta zikakwana zaka 25, potsatira lamulo la 1988, ndipo zikafika msinkhu umenewo ogula ambiri safunanso kuti wotchi ikhudzidwe; makilomita ndi umboni woti galimotoyo ndi yeniyeni ya ku Japan.

Galimoto zatsopano zachepetsa vutoli. Dashibodi yambiri tsopano ndi sikirini, kompyuta imasunga mtunda mu muyezo umodzi n'kuonetsa umene woyendetsa wasankha, ndipo foni iliyonse ili ndi GPS yonena liwiro m'muyezo uliwonse. Komabe zopangidwira msika wa ku Japan zambiri zilibe batani la mailosi, menyu yake ili m'Chijapani, ndipo uthenga wa liwiro umayenda pa mawaya amodzi ndi wa mabuleki ndi giyabokosi, moti kachipangizo kolumikizidwa mosasamala kamatha kusokoneza kasinthidwe ka magiya. Toyota Alphard, Nissan Elgrand ndi Prius zikutsikabe pamadoko a ku Britain, ndipo m'matauni ambiri muli magalaja amene ntchito yawo yaikulu ndi kutsegula dashibodi, kulemba pulogalamu yatsopano mu wotchi, ndi kusintha 80,000 uja kukhala 49,710 galimoto isanapite kukalembetsedwa ku ofesi ya boma ya DVLA.